Chigayo, Giyabokosi ndi Chitunda cha ku Chowe

Aliyense amene ndinamuuza kuti ndikukatenga chigayo ku Limbe n'kuchikoka ndi galimoto ya otomatiki mpaka ku Chowe ankayamba wandiyang'ana kumaso, kenako kumwendo, n'kungoti, "Chabwino, a Sajeni." Chabwino wakeyo ndinkamudziwa. Ndi uja timauza wodwala akamanena kuti mawa apita kukalima.

Ndinali dalaivala wa malole ku usilikali mpaka tsiku limene lole inagudubuzika nane n'kundiphwanya bondo lamanzere. Chichokereni apo bondolo silipindika bwino, kilachi sindingaponde, ndipo ndikayenda wapansi kuchoka pakhomo kukafika pamsewu ndimafika thukuta lili kamukamu. Choncho galimoto yanga yakale ija, imene ndinagula ndi penshoni, sinali ya matama. Inali miyendo yanga. Kutchalitchi, kuchipatala, kumaliro, kuntchito yoyang'anira alonda pa hotela ina ku Makokola, konseko inkandifikitsa ndi iyo.

Mkazi wanga Hawa kwawo ndi ku Chowe, pamwamba pa mapiri a kutsidya kwa Shire. Amalume ake, Che Imedi, amene tonse timangowatchula kuti a Mjomba, ndiwo mwini mbumba, ndipo anali atatipatsa kamalo m'mbali mwa msewu kuti tiyikepo chigayo. Ine ndinali nditatopa ndi kulondera chuma cha eni. Eni malole nditawafunsa za hayala, ananditchulira mtengo ngati ndikufuna kugula loleyo. Komanso chigayo chikayamba, migolo ya dizilo ndikanamakoka ndekha kukwera nayo mapiri omwewo. Panafunika giyabokosi yolimba, chifukwa imene inalimo inali itayamba kale kudandaula.

Tinanyamuka pa Makokola m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa lisanakwiye. Thirela ndinabwereka kwa mnzanga wina amene ankanyamulira boti, tinangoyalapo matabwa. Yopanda katundu inkadumphadumpha kumbuyoko ngati mwana wa mbuzi, moti pofika pa Ulongwe nkuti thabwa limodzi litatsala panjira osatsanzika. Ndinaima, Hawa n'kubwerera wapansi kukalitola, akung'ung'udza.

"Ulendo wake ndi umenewu, bambo a Limbani? Ndine kondakitala tsopano?"

"Mukadzayamba kulandira azimayi pa chigayo mudzaiwala."

Pa Liwonde tinapeza mzere wa mafuta utakhota mpaka kuseri kwa masitolo. Munthu wa thirela pamzere wa mafuta alibe mnzake. Ukasuntha pang'ono, a njinga zamoto alowerera pakati pa galimoto ndi thirela, wina mpaka kukhalira pa chitsulo cholumikizira n'kumadya chinangwa. Ndinamuuza kuti atsike. Iye anandiyankha kuti, "Bwana, inunso simukupita kulikonse." Zinali zoona, n'chifukwa chake zinandipweteka. Tinachoka pamenepo dzuwa litapendeka, mafuta ake otipatsa mochita kuyeza ngati mankhwala.

Pokwera mapiri a Machinga giyabokosi yakale inaulula matenda ake onse. Ndikaponda, injini inkalira mokweza koma galimoto osathamanga, kenako n'kugwira mwadzidzidzi, gu! mitu yathu n'kuwerama. Thirela yopanda kanthu imeneyo. Tinadutsa Domasi ndi Zomba pa liwiro la maliro, n'kukagona kwa mnzanga wa ku usilikali ku Limbe.

M'mawa mwake ndinali ku Ndirande, kwa amakanika ena otchedwa a Kachingwe, amene garaja yawo ndi mtengo wa mango ndi dzenje. Atangomva nkhani yanga anayamba nyimbo yomwe ija.

"Bwana, tiyikemo manyuwelo basi. Otomatiki ndi ya kuofesi, si ya katundu."

Ndinakweza buluku n'kuwaonetsa bondo. Anayang'ana, n'kukanda kumutu.

"Aaa, pepani. Ndiye tiyeni tikaone zimene zilipo."

Tinazungulira mashedi onse ogulitsa zitsulo za galimoto zakufa, ine ndi ndodo yanga, kulumpha ngalande zonunkha. Giyabokosi zokwanira pa injini yanga tinapeza ziwiri. Yoyamba inachokera m'kagalimoto kakang'ono ka maulemu. Inali yotsukidwa bwino, yopakidwa penti wa siliva, yonyezimira moti Hawa anaikonda pompo. Wogulitsa analumbira kuti mwini wake anali mayi wachikulire amene ankangopita nayo kutchalitchi. Giyabokosi iliyonse ya ku Ndirande mwini wake anali mayi wachikulire wopita kutchalitchi. Ndinati atsegule chibeseni chapansi, momwe mumakhala oyilo. Anayamba kuzengereza, amvekere sipanala wabwereka wina. A Kachingwe anatulutsa yawo m'thumba. Oyilo wake anali wakuda bii, wonunkha chiwawu, ndipo pa kamaginito kamene kamakhala m'chibesenimo panali tizitsulo tambirimbiri tonyenyeka. Imeneyo inali itadya kale mano ake.

Yachiwiri inali kuseri, m'matope, nkhuku itaikirapo manyi. Anaichotsa mu minibasi imene inagundidwa kutsogolo. Yonyansa, yolemera, ya magiya anayi basi, yopanda nzeru zambiri za magetsi zimene zikasokonekera amakanika amangokuyang'ana. Koma oyilo wake anali wofiirira bwino, wosanunkha, ndipo pa kamaginito panali kafumbi chabe. Ndinaganiza kuti chinthu chimene anachipangira kunyamula anthu odzaza minibasi sichingadabwe ndi chigayo.

"Mukusiya yokongola ija n'kutenga chimenechi?" anafunsa Hawa.

"Mukanakhala kuti mumasankha potengera penti, ine simukananditenga."

"Ndiye mukuona ngati sindidandaula?"

Kuisankha kunali kosavuta. Chovuta chinali kudikira. Giyabokosi ya minibasi inali yotalikirapo, ndiye pulopela, chitsulo chachitali chija chimapititsa mphamvu ku matayala a m'mbuyo, chinafunika kudula n'kuwotchereranso. Tsiku lowotcherera magetsi anazima. Atayaka, wowotchererayo anali atapita ku maliro ku Chiradzulu. Atabwerako, magetsi anazimanso. Ine ndinkangokhala pa tayala pansi pa mango paja, kumvera a Kachingwe akusimba za mpira, mtima ukuwira. Ndinaumiriranso kuti ayike karadiyeta kena kapadera kutsogolo, koziziritsa oyilo wa giyabokosi, chifukwa chimene chimapha otomatiki pokoka katundu ndi kutentha. Anapeza kena, kanali kodontha. Anapeza kachiwiri, mapaipi ake sanakwane. Sabata inatha tikudya za mnzanga uja, mpaka mkazi wake anayamba kufunsa mwaulemu ngati ku Mangochi kukugwa mvula.

Koma ntchitoyo itatha, inali ntchito yooneka. A Kachingwe potsanzikana anandigwira dzanja nati, "Chigayo chokha, bwana. Musawonjezere ngakhale nkhuku." Ndinawayankha kuti zimenezo asandiphunzitse, ndayendetsa malole ine.

Chigayo tinakweza ku Limbe, injini yake ya dizilo pakati penipeni pa thirela, zina zonse m'mbali, n'kumanga ndi zingwe. Ndinazimitsa giya yapamwamba ija imapulumutsa mafuta, kuti giyabokosi isamangosinthasintha n'kudzitenthetsa, ndipo tinauyamba wobwerera. Pa Njuli, pa Namadzi, galimoto inkakoka mosadandaula. Pa Thondwe Hawa anafuna kugula dengu la mbatata, ndinakana. Pa Zomba mayi wina wa kutchalitchi kwathu anatizindikira, ali ndi matumba awiri a chimanga, akupitanso ku Mangochi. Ndinamukaniza, Hawa n'kubisa nkhope m'chitenje ndi manyazi. Ine manyazi ndinalibe. Ndinali nditalumbira mumtima kuti giyabokosi iyi ndiisamala kuposa bondo latsalali.

Pa chipata china apolisi anatiimitsa kuti aone magetsi a thirela. Limodzi silinkayaka, waya anali ataduka. Ndinagona pa phula lotentha kulumikiza, wapolisi akundigwirira ndodo. Titatsika Machinga n'kulowa m'chigwa, kutentha kunatilandira ngati tatsegula uvuni. Pafupi ndi Ulongwe tayala la thirela linaphulika. Jeke yanga inakana kunyamula chigayo, tinachita kudikira lole ina kuti itibwereke yake, ndipo dalaivala wake pobwereka anandiuzanso kuti ndikanayika manyuwelo. Pamenepo ndinaimika galimoto nthawi yaitali, n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo. Anali wofiira ngati mmene tinamuthirira. Ndinamuonetsa Hawa, iye anati akuona oyilo basi.

Mapulani anga anali oti tigone kwa Mponda, kwa achibale a Hawa, ndipo m'mamawa kusanatenthe tiwoloke mlatho n'kukwera chitunda cha ku Chowe. Chitundacho ndinkachidziwa. N'chachitali, chokhotakhota, ndipo malole amafikapo akulira ngati ng'ombe. Chimafuna m'mawa, mphepo ikadali yozizira.

Tinapeza a Mjomba ali komweko, atatsika kudzatichingamira. Ndi nkhalamba yowonda, yovala kanzu yoyera, mkanjo wautali uja wa Asilamu, ndi kofiya kumutu, yolankhula motsitsa. Anazungulira thirela, kusisita chigayo, maso akuwala.

"Alihamudulilahi! Akamwini, mwagwira ntchito. Mawa tikwerera limodzi."

"Zikomo, a Mjomba. Ndimati tinyamuke kusanache."

"Iyayi, mawa ndi Ijuma. Tiswali kaye, kenako ulendo."

Ijuma ndi Lachisanu, ndipo mapemphero ake amatha dzuwa lili paliwombo. Ndinatsegula pakamwa, Hawa n'kundiponda phazi. Mkamwini sauza mwini mbumba kuti ajombe kumzikiti chifukwa cha oyilo. Ndinadzitonthoza kuti chigayo chokha giyabokosi yanga ikwera nacho, ngakhale masana.

Mawa lake ndinadikira mumthunzi mpaka anthu anatuluka mumzikiti. A Mjomba anabwera, koma sanabwere okha. Pambuyo pawo panali gulu la amuna anzawo, ndipo pambuyo pa amunawo panali njinga za kabaza zitasenza matumba a simenti. Zinkangobwera. Ndinasiya kuwerenga chifukwa mutu unayamba kuzungulira. A Mjomba anaima pakati pa anthuwo nakweza mawu, chinthu chimene sachitachita.

"Mkamwini wathuyu ndi wachilendo, ndi wa tchalitchi, koma watibweretsera chigayo kumudzi. Ine ndilibe zambiri. Ndagulitsa nandolo wanga yense wa chaka chino, ndagula simenti iyi. Ndi yanu, a Sajeni. Chigayo chisakhale pa dothi ngati cha amasiye."

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinagwada ndi bondo limodzi lomwe limagwadalo, n'kuthokoza. Ndinathokozadi kuchokera pansi pa mtima, chifukwa nandolo wa chaka chonse si masewera kwa munthu wa ku Chowe. Koma podzuka ndinaona amuna aja atayamba kale kusanja matumba pa thirela, ena m'buti, ena pa mpando wa m'mbuyo, ndipo galimoto inkatsika pang'onopang'ono mpaka matayala anabisala.

Ndinakokera Hawa pambali.

"Mayi a Limbani, simenti iyi ikulemera kuposa chigayo. Sitikwera."

"Ndiye mukawauze nokha. Pamaso pa anthu onsewa, mukawauze kuti mphatso yawo itsike."

"Inu ndi mwana wawo, auzeni."

"Ine? Mukufuna ndizikapondanso kwathu?"

Ndinayesa njira ya chikamwini, yozungulira. Ndinati, "A Mjomba, bwanji simentiyi igone kuno, ndidzaitenge ulendo wachiwiri? Galimoto yachokera kutali, yatopa."

Anaseka mokoma mtima. "Mafuta ake a ulendo wachiwiri muwapeza kuti, akamwini? Pa boma pano sabata ino kulibe. Komanso kumudzi ndatumiza kale mawu, azimayi akudikira kuti aone zonse zikulowa limodzi. Si mwanena nokha dzulo kuti mwaikamo chitsulo cha minibasi? Minibasi imakana katundu?"

Ndinali nditanenadi, ndipo ndinanena modzitama. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinatsegulira a Mjomba chitseko cha kutsogolo, Hawa n'kudzipanikiza kumbuyo pakati pa matumba.

Pa mlatho wa Shire galimoto inkayenda ngati ikuwoloka m'matope. Ndinkayendetsa mano ali gwa, nditakwiya, koma wosowa womukwiyira. Ndikwiyire nkhalamba imene yagulitsa nandolo wake chifukwa cha ine? Iwo anali pambali panga akundionetsa minda ya anthu, osangalala ngati mwana wopita kutauni. Phula linkanyezimira ndi kutentha. Titafika patsinde pa chitunda ndinatsitsa giya n'kuika yachiwiri, kenako yoyamba, n'kupemphera m'Chichewa, a Mjomba akupemphera m'Chiarabu.

Ndinene zoona, giyabokosi ija inalimba mtima. Khona loyamba inakwera, lachiwiri inakwera, lachitatu inakwera ikubuula. Amati tsoka silinunkha, koma langa linanunkha. Fungo la chiwawu lija ndinalimva ku Ndirande linayamba kulowa pa mawindo. Ndinapeza kamalo kotambasuka pang'ono n'kuima, Hawa n'kuthamanga kukaika miyala kumatayala. Ndinasiya injini ikulira kuti oyilo azizungulira n'kumazizira. Kunkafunika kudikira nthawi yaitali, mwinanso mpaka madzulo, ndi kutsitsa simenti yonse.

Ulemu unandithera. Ndinati, "A Mjomba, katundu wachuluka. Tikapanda kupepukitsa, galimoto ifera pano."

Anandiyang'ana, nkhope yawo n'kugwa. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamvetsa zonse.

"Mwanena zoona, akamwini. Pepani, sindinaganize."

Mtima wanga unayamba kutsika. Ndiye iwo anatsegula chitseko, natsika, natenga kambulera kawo.

"Ine ndiyenda wapansi. Inu kwerani ndi katunduyo mopepuka."

"Ayi, a Mjomba, sindikunena inu! Ndikunena..."

"Musadandaule. Chitunda ichi ndinayamba kukwera musanabadwe."

Ndipo anauyamba, kanzu ikuuluka, munthu wake wosalemera ngakhale thumba limodzi la simenti. Hawa anandiyang'ana ndi diso limene sindidzaliiwala.

"Mwatsitsa a Mjomba m'galimoto? Pa dzuwa limeneli?"

"Atsika okha!"

"Anthu akaona sadzati atsika okha."

Anamanga chitenje n'kuwathamangira, chifukwa sakanakhala pansi amalume ake akuyenda. Ndinatsala ndekha ndi chigayo ndi simenti. Minibasi ina inadutsa ikukwera, anthu ake kusuzumira pa mawindo, kuyang'ana ine, kuyang'ana nkhalamba ija kutsogolo. Minibasi ya ku Namwera imeneyo, yodutsa pa Chowe pomwepo. Ndinadziwa kuti nkhani ikafika kumudzi ife tisanafike: mkamwini walandira simenti, mwini simentiyo n'kumutaya panjira. Kenako ndinaona a Mjomba ataima patali, atagwira mwala wa m'mbali mwa msewu, akupuma movutikira.

Mutu unkandiuza kuti dikira. Zonse zimene ndinaphunzira pa malole zinkandiuza kuti dikira, kunyamuka pa chitunda ndi katundu wotere oyilo ali wotentha ndiko kupha giyabokosi. Koma nkhalambayo ikanagwa pamenepo, ndikanauza anthu kuti ndinkadikira oyilo? Ndinatsika, n'kukankha miyala ndi ndodo galimoto ili pa handibuleki, n'kukweranso. Ndinaika giya yoyamba n'kuponda.

Inanyamuka. Mulungu ndi mboni, inanyamuka, n'kukwawa mpaka kutsala pang'ono kuwapeza. Ndinali nditayamba kutambasula dzanja kuti ndiwatsegulire chitseko pamene injini inalira mokweza yokha, yopanda choikoka, galimoto n'kuima, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Ndinaponda mabuleki ndi mphamvu zanga zonse, ndikukuwa kuti miyala, miyala! Hawa ndi a Mjomba omwewo ndiwo anathamanga kudzaika. Pansi pa galimoto panali patayamba kudontha oyilo wakuda, akufuka utsi.

Ndinazimitsa injini n'kutsamira pa chiwongolero. Sindinalire, koma ndinkafuna. A Mjomba anasuzumira pa windo, akupumira m'mwamba.

"Mwaona, akamwini? Mukanandisiya ndiyende. Mwaivutitsa pothamangira ine."

Zotsalazo sizinatenge nthawi. Lole ya fodya inakoka thirela, ina inakoka galimoto, ndipo tinalowa m'mudzi madzulo azimayi akululutira. A Kachingwe nditawaimbira foni anangofunsa kuti, "Munawonjezera chiyani?" Nditawauza anati giyabokosi ina ya minibasi ngati ija sanaionenso, ndipo ikapezeka ndikonzeke ndi ndalama zambiri. Penshoni salandira kawiri. Ntchito ya ku Makokola ndinaisiya, popeza panalibe chondifikitsako.

Chigayo chikugwira ntchito. Dizilo amabwera pa njinga, m'zigubu, tsiku limene wakabaza wafuna. Galimoto ili kuseri kwa chigayo, matayala ataphwa. Kuchipatala ndimapita mwezi umene bondo lavomera kukwera njinga yamoto, ndipo kutchalitchi, kumene kuli kutsidya kwa dambo, ndinasiya kuwerengera. Dziko langa tsopano limayambira pakhomo n'kuthera pa chigayo.

M'mawa uliwonse a Mjomba pochokera kumzikiti amadutsa pomwepo. Amalowa, n'kuponda pansi katatu ndi chidendene, gu, gu, gu, nkhope ili mwee.

"Mwaiona simenti imeneyi, akamwini? Ngakhale mng'alu umodzi. Zinthu zolimba zimafuna kusankha bwino."

Ine ndimagwira ndodo yanga, n'kudzuka pa mpando mwaulemu.

"Zoona, a Mjomba. Zikomo kwambiri."